Timbale ta pakati pa tebulo

Sabata ino tiyeni tipite kaye ku South Korea, tikakhale pansi m'kanyumba kodyeramo ka m'kanjira kena mumzinda wa Seoul, kumene amadyerako oyendetsa matakisi ndi antchito a m'maofesi. Chakudya cha m'malo otere amachitcha baekban: mpunga, msuzi wotentha, ndi timbale tambirimbiri ta ndiwo totchedwa banchan. M'timbalemo mumakhala kimchi, amene ndi kabichi wosasitsa ndi mchere ndi tsabola, nyemba zophukira, masamba, ndi tinsomba tokazinga tofanana ndi usipa. Zonsezi amaziika pakati, aliyense n'kumatapa, monga momwe ife timazingira mbale imodzi ya ndiwo kwathu.

Chodabwitsa kwa mlendo n'chakuti timbaleti alibe mtengo wake pawokha. Kambale kakatha, mumangoitana mayi woperekera chakudya kuti "imo", ndiye kuti mayi aang'ono kapena mayi aakulu, ndipo amakuwonjezerani popanda kulipiritsa. Masipuni ndi timitengo todyera tachitsulo kawirikawiri timakhala m'kabokosi pa tebulo pomwepo. Wamng'ono pagulu ndiye amagawa ndi kuthirira anzake madzi, ndipo sayamba kudya wamkulu asananyamule sipuni. Apa sitili alendo kwenikweni. Ulemu wotere tinaleredwa nawo.

Koma tisanasangalale ndi zaulerezi, tifunse: akulipira ndani? Lamulo la dzikolo limaletsa kupatsa munthu wina chakudya chimene wina wadyako n'kusiya. Kuyambira mu 2005 zotsala za chakudya siziloledwa kukwiriridwa kudzala, ndipo kuyambira mu 2013 munthu amalipira molingana ndi kuchuluka kwa chakudya chimene akutaya. Choncho kimchi amene taitanitsa kachiwiri chifukwa cha umbombo wa maso, n'kungomulawa kamodzi, mayi uja amulipira kawiri: pogula kabichi ndi potaya. Ndipo kabichiyo si wotsika mtengo nthawi zonse. Mu 2024 kutentha kwa dzuwa kunawononga minda, mtengo unakwera kwambiri mpaka boma linachita kuitanitsa kabichi kuchokera ku China.

Ena anganene kuti wamalonda sapusa, anawerengera kale zonsezi pa mtengo wa mpunga ndi msuzi. N'zoona ndithu, ndipo sitikufuna kumusandutsa mayiyu woyera mtima. Komabe anawerengera munthu wanjala, sanawerengere munthu wofuna kudzaza tebulo kuti ajambule chithunzi cha pa Facebook. Kanyumba kotere kamayenda pa chikhulupiriro chakuti wopempha zowonjezera adzazimaliza. Chikhulupiriro chimenecho chikatha, timbale tidzayamba kuchepa kapena kulipiridwa, ndipo woyamba kumva kuwawa adzakhala woyendetsa takisi uja, amene amadya pamenepo masiku onse, pamene ife odutsa tinapita kalekale. Paja amati mlendo ndi mame.

Tikadzapezeka pa tebulo lotere, kaya ku Seoul kaya m'malo odyera a anthu a ku Korea mumzinda wina uliwonse, tiyambe ndi zimene zabwera, tione kambale kamene katikomera, ndipo tipemphe kokhako. Ngati pali kena koti tsabola wake sitingamuthe, tiwauze mayiwo pomwe akutsitsa mbale, kabwerere kukhitchini tisanapisemo timitengo tathu.