Fakitale Simaliza Ganyu

Lamveka ponseponse, m'misonkhano ya akuluakulu ndi m'nyuzipepala momwe, liwu lakuti dziko losauka likangomanga mafakitale opanga katundu wogulitsa kunja, maganyu ndi geni za m'misewu zidzatha zokha, ndipo munthu aliyense adzalembedwa ntchito ya pamwezi, ya tchuthi ndi penshoni. Ife tikukana, ndipo mboni yathu ndi Bangladesh, dziko lomwelo limene eni mawuwa amakonda kulitama.

Chiyambire 1979, pamene kampani ya Desh Garments inatumiza antchito 130 kukaphunzira kusoka kwa Daewoo ku South Korea, malonda a zovala akula kufikira kuti lero amabweretsa ndalama zoposa 80 pa 100 iliyonse imene dzikolo limapeza pogulitsa katundu kunja, nadyetsa antchito pafupifupi 4 miliyoni. Komabe, patapita zaka zoposa 40 makina akulira usana ndi usiku ku Dhaka, Gazipur ndi Narayanganj, anthu pafupifupi 85 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dzikomo akudyabe thukuta lawo popanda pangano lolembedwa kapena lamulo lowatchinjiriza.

Sititsutsa kuti fakitale imaombola ena. Ku Vietnam, pangano la malonda ndi America litayamba mu 2001, achinyamata ambiri anasiya timabizinesi ta pakhomo nalowa m'makampani odziwika ku boma. Koma walira mvula walira matope. Fakitale yaikulu ikapanikizidwa ndi wogula wa ku London kapena New York, amene afuna malaya msanga ndiponso pamtengo wozizira, imapatsirako ntchito timafakitale tobisika m'makwalala, kumene woyendera wa boma safika. Ndipo pachipata pake pamasonkhana ogulitsa mpunga ndi tiyi, opalasa njinga zonyamula anthu ndi obwereketsa tizipinda, onsewo akukhalira moyo malipiro a wosoka, koma osalembedwa m'kaundula aliyense. Nanga mayi amene maso ndi msana zatopa, makina namulavula asanakalambe, apita kuti ngati si kumsewu komweko?

Pamene nyumba ya Rana Plaza, momwe munali mafakitale osoka zovala, inagwa ku Savar m'dziko la Bangladesh pa 24 April 2013, nipha anthu oposa 1,100, makampani a kunja anasaina pangano loyendera mafakitale, ndipo linapulumutsa miyoyo. Koma linafika kwa okhawo osokera makampani osainawo. Otsalawo, amene ndiwo khamu, akudikirabe boma limene lidzawawerenge, kuwapatsa malo ochitira malonda ndi kuwathandiza akadwala.