NDEMANGA: Kukongoza boma kapena kumanga nyumba ya lendi?

Msika wa fodya ukatsekedwa, ku Massangulo, Itepela ndi Mandimba kumapezeka anthu amene agwira ndalama zoposa zimene banja lingadye pa chaka chimodzi. Ku Cuamba zimakhala chimodzimodzi thonje ndi nandolo zikagulidwa. Palinso aphunzitsi ndi anamwino opuma pa ntchito, komanso ana athu obwerako ku Joni. Onsewa funso lawo ndi limodzi: ndalamayi ndiiike pati kuti pakadzapita zaka 10 kapena 20 idzakhale ikundithandizabe?

Mayankho amene akumveka ndi awiri. Ena akuti gula malata ndi simenti umange nyumba ya lendi. Ena, makamaka amene anakhalako ku Nampula ndi ku Maputo, akuti pita ku banki ukakongoze boma, uzingolandira chiwongoladzanja uli pakhonde. Njira zonse ziwirizi zili ndi phindu lake. Koma pali mfundo imene ambiri akuiphonya: kuno kummwera kwa Niassa njira ziwirizi zimayamwa bere limodzi, ndipo berelo ndi thumba la boma.

Tiyambe tafotokoza za kukongoza boma, poti ambiri mwa awerengi athu amangozimva pa wailesi. Boma likaperewedwa ndalama limakongola kwa mabanki, makampani ndi anthu pogulitsa zikalata. Pali zikalata za nthawi yochepa zotchedwa Bilhetes do Tesouro, za masiku 91, 182 kapena 364, zimene amagulitsa ndi a Banco de Moçambique. Pali zina za zaka zingapo zotchedwa Obrigações do Tesouro, zimene zimadzera ku Bolsa de Valores de Moçambique, msika wa zikalata umene unayamba ntchito ku Maputo mu 1999. Chikalata chimodzi choterechi mtengo wake wolembedwa ndi 100 meticais. Munthu wamba sachita kupita ku Maputo. Amadzera ku banki yake, ndiyo imamugulira, kumusungira ndi kudulako zake. Kawirikawiri boma limalipira chiwongoladzanja kawiri pa chaka, ndipo tsiku lolonjezedwa likakwana limabweza ndalama yonse ija.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo ake. Tinene kuti munthu ali ndi 500,000 meticais. Akamanga nyumba n'kumalandira lendi ya 4,000 pa mwezi, pa chaka zikwana 48,000. Nyumba ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, zatsala 40,000. Akachotsapo 8,000 zokonzera denga, chimbudzi, maloko ndi penti, zatsala 32,000. Apa ndiye kuti pa 100 meticais iliyonse imene anaika wapeza 6 ndi kangachepe. Ndalama yomweyo akakongoza boma pa 12 peresenti, pa chaka alandira 60,000 msonkho usanachotsedwe, osakwera padenga, osakangana ndi munthu. Pa pepala, chikalata chapambana nyumba.

Komatu pepala silinena zonse. Zaka 10 zikatha, boma lidzabweza 500,000 yomwe ija, osawonjezerapo chifukwa choti sopo ndi mafuta zakwera. Mitengo ikamakwera ndi 7 peresenti chaka chilichonse, pakutha pa zaka 10 imakhala itawirikiza kawiri, ndipo 500,000 ija imangogula theka la zimene inkagula. Mwini nyumba yekha angathe kukweza lendi, ndipo nyumbayo mtengo wake umatsatira mtengo wa simenti ndi malata. Choncho amene amadya chiwongoladzanja chonse chaka ndi chaka, mosadziwa akudyako ndi mbewu yomwe.

Akuluakulu athu safuna kuuzidwa za kukwera mitengo, anakuona ndi maso. Metical inayamba pa 16 Juni 1980. Mu 1987, chaka chimene boma linayamba ndondomeko yokonzanso chuma ya PRE, mitengo inakwera kuposa kawiri m'chaka chimodzi. Pofika pa 1 Julayi 2006 panafunika kuchotsa maziro atatu: 1,000 meticais yakale inasanduka metical imodzi yatsopano. Amene anasunga makontu m'chitini kuyambira nthawi ya nkhondo anapeza kuti asunga mapepala. Mu 2016, ngongole zobisika za Ematum, ProIndicus ndi MAM zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni zitaululika, dola inachoka pa 45 meticais n'kufika pafupi ndi 80, ndipo mitengo inakwera ndi pafupifupi 25 peresenti. Abale athu a ku Mandimba anaonanso zoterezi tsidya la malire ku Chiponde mu Novembala 2023, pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Ena amati boma silingalephere kubweza ngongole. Mbiri ikukana. Mu Januwale 2017 boma la Moçambique silinalipire chiwongoladzanja kwa amene anali ndi zikalata zake za madola kunja, ndipo mgwirizano wa 2019 unakankhira kubweza komaliza ku 2031. Mu 2023 dziko la Ghana linasinthitsa zikalata za nzika zake ndi zina za chiwongoladzanja chochepa ndi zaka zambiri. Kuno kwathu, ziwonetsero zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zitasokoneza malonda ndi misonkho, boma linasintha zikalata zina zimene tsiku lake linali litayandikira n'kupereka zatsopano m'malo mwa ndalama. Mu Malichi 2025 bungwe la S&P, limene limayeza maiko ngati ali okhulupirika pa ngongole, linatenga zimenezi ngati kulephera kulipira gawo la ngongole ya m'dziko. Nayonso Banco de Moçambique inadandaula m'chaka chomwecho za kuchedwa kwa boma polipira ngongole za m'dziko. Ndalama sizinathere m'madzi, koma amene ankadikira tsiku lake anadikirabe.

Kodi ndiye kuti nyumba ilibe vuto? Ayi ndithu. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse za lendi zakhala za boma, ndipo bungwe la APIE ndilo linayamba kutolera lendi. Boma linadzayamba kugulitsa nyumbazo kwa okhalamo m'zaka za m'ma 1990. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a ku Mandimba ndi Ngauma anathawira ku Malawi, ndipo pobwerera ambiri anapeza mabwinja. Lero kuli mtendere ndipo lamulo likulola munthu kukhala ndi nyumba ya lendi, koma mphepo ndi chiswe sizidziwa lamulo. Namondwe Chido wa Disembala 2024 anagwetsa nyumba zambiri ku Cabo Delgado ndi Nampula, n'kufikanso kuno ku Niassa. Denga likasasuka palibe amene adzakulipire ngati nyumbayo ilibe inshuwalansi.

Vuto lalikulu kuposa mphepo ndi la malo. Malamulo aakulu a dziko ndi lamulo la malo nambala 19/97 la mu 1997 akunena kuti nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa ndipo siikidwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Nyumba yokha ndiyo ingagulitsidwe. Ngakhale zili choncho, anthu akugulitsana mapuloti tsiku ndi tsiku pa kapepala kolemba pamanja, mboni zili ziwiri. Kapepala kotero sikakutetezani tsiku limene munthu wina adzabwere ndi chikalata cha ku boma kapena ku khonsolo. Tikumbukirenso kuti kuno mabanja ambiri amatsata chikamwini. Bambo akamanga nyumba ya lendi pa malo a kwa mkazi wake popanda kulemba kuti ndi ya yani, kapena mayi akaika ndalama zake m'nyumba yolembedwa dzina la mwamuna yekha, mlandu wake umadzabuka pa maliro, ndipo ovutika amakhala ana.

Nyumbanso siidulidwa pakati. Mwana akadwala kapena sukulu ikafuna ndalama, simungagulitse chipinda chimodzi. Wogulitsa nyumba mwachangu amagulitsa motchipa. Chikalata cha boma chingagulitsidwe tsiku lake lisanakwane kudzera ku banki, ngakhale kuti ogula sapezeka nthawi zonse ndipo mtengo ungatsike.

Tsopano tifike pa mfundo imene tinayamba nayo. Kodi amene amalipira lendi mwezi ndi mwezi ku Massangulo ndani? Mlimi ali ndi nyumba yake kumudzi. Wolipira lendi ndi mphunzitsi wotumizidwa kuchokera kwina, namwino, wapolisi, kalaliki wa pa boma la Ngauma. Ku Mandimba onjezanipo ogwira ntchito za pa malire. Onsewa malipiro awo amachokera ku thumba lomwe lija limene limalipira chiwongoladzanja cha zikalata. Tinaziona kuyambira 2022, boma litayambitsa ndondomeko yatsopano ya malipiro ya TSU: panali kuchedwa, panali madandaulo, ndipo aphunzitsi analira kwa nthawi yaitali za ndalama za maola owonjezera. Malipiro akachedwa, lendi imachedwa. Chaka chimene boma lidzavutike kulipira zikalata zanu ndi chaka chomwecho chimene wokhala m'nyumba yanu adzakuuzeni kuti ndalama sizinalowe. Amene wagawa chuma chake pakati pa chikalata ndi nyumba yokhalamo mphunzitsi angaganize kuti ali ndi nkhokwe ziwiri, pamene zonse zili pansi pa denga limodzi.

Ku Cuamba zinthu n'zosiyanako. Kumeneko kuli njanji ya ku Nacala, kampani ya thonje, amalonda ndi ophunzira a sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique. Njanji ya Cuamba mpaka Lichinga inatsegulidwanso mu 2016, ndipo msewu wa N13 wodutsa ku Mandimba ndi Massangulo tsopano ndi wa phula. Zimenezi zabweretsa madalaivala, ogula mbewu ndi eni magolosale, anthu amene ndalama zawo sizidikira Maputo. Kachipinda ka sitolo m'mbali mwa msewu kapena kanyumba kosungiramo mbewu kangabweretse lendi yodalirika kuposa nyumba yaikulu ya zipinda zinayi imene ili kutali ndi msika.

Maganizo athu ndi awa. Kwa munthu wa kuno amene akuganiza za zaka 10 kapena 20, nyumba ndiyo iyenera kukhala patsogolo, koma pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira. Choyamba, malowo akhale ndi DUAT kapena zikalata zomveka za ku khonsolo, zolembedwa dzina limene banja lonse lagwirizana. Chachiwiri, nyumbayo ikhale pamene pali anthu ofuna lendi, pafupi ndi msewu, msika, sukulu kapena chipatala, ndipo ngati n'kotheka okhalamo asakhale a boma okhaokha. Chachitatu, mwini wake awerengere miyezi yopanda munthu, zokonza, msonkho wa lendi ndiponso msonkho wa nyumba umene makhonsolo monga a Cuamba ndi Mandimba ali ndi mphamvu zotolera. Pangano la lendi lilembedwe, ndipo wokhalamo azigula yekha magetsi a Credelec. Ndi bwino kumanga zipinda ziwiri n'kuzimaliza kusiyana n'kuyamba nyumba yaikulu imene idzaime pa mawindo zaka zisanu, mvula ikukokolola njerwa.

Zikalata za boma zikhale za ndalama yotsala, imene banja lingathe kukhala osaigwira ngakhale boma litachedwa. Wokalamba amene sangathenso kulondola amisiri ndi kutolera lendi zingamuthandize, makamaka akayamba ndi zikalata za nthawi yochepa. Asanasaine afunse ku banki mafunso anayi: chiwongoladzanja n'chokhazikika kapena chimasintha, msonkho ndi zingati, banki idulapo zingati, ndipo nditafuna ndalama yanga tsiku lisanakwane nditaya zingati? Funso loyambalo n'lofunika, chifukwa chiwongoladzanja cha Banco de Moçambique chotchedwa MIMO chinali 17.25 peresenti mu 2023 koma chinayamba kutsika mu 2024, ndipo phindu la zikalata zambiri limatsatira njira yomweyo. Safunsa anadya phula. Tikudziwanso kuti abale athu ambiri achisilamu a ku Ngauma ndi Mandimba salandira chiwongoladzanja chifukwa cha chipembedzo chawo. Kwa iwo nkhani ya zikalata za malo ndi malo abwino omangapo ndiyo yofunika koposa.

Pomaliza, tikupempha mbali zitatu. Unduna wa zachuma ulipire zikalata ndi malipiro pa tsiku lake, pakuti kuchedwa kumodzi ku Maputo kumafika mpaka kwa mayi wamasiye amene amadalira lendi ya zipinda ziwiri ku Massangulo. Maofesi a malo m'maboma ndi m'makhonsolo afulumizitse DUAT ndipo apachike mitengo yake pakhoma kuti aliyense aione. A mabanki ndi a Bolsa abwere pa mawailesi a m'madera adzafotokoze za zikalatazi m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua, zabwino zake pamodzi ndi zoopsa zake. Ndalama ya fodya ndi thonje imabwera kamodzi pa chaka, ndipo mlimi amene waikhetsera thukuta ayenera kudziwa bwino kumene akuiika.