Lilime Likhale Pati?

Sabata ino mphunzitsi wina wa Fomu 1 analowa m'kalasi ndi kagalasi koonera nkhope, n'kuuza ana kuti aziyang'ana lilime lawo potchula think. Ana anaseka, komatu bamboyo anagwira pamene pali vuto. Mwana wokulira m'Chichewa akaona th amatchula ngati mu thumba, lilime litatseka kuseri kwa mano kenako mpweya n'kuphulika, pamene Chingelezi chimafuna nsonga ya lilime pakati pa mano, mpweya uzidutsa osatsekeka. Nkhani ya l ndi r ndiye yokulirapo. Kwathu awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, koma m'Chingelezi play ndi pray n'zosiyana ngati bwalo la mpira ndi tchalitchi. Potchula l nsonga imakhudza nkhama zam'mwamba, mpweya n'kudutsa m'mbali. Potchula r imabwerera m'mbuyo pang'ono, osakhudza paliponse. Aphunzitsi ambiri amangolamula mwana kuti abwerezenso, ngati kuti akuchita dala, pamene palibe anamuonetsapo poika lilime. Mwana wotereyu amasiya kukweza mkono m'kalasi, chonsecho Chingelezi chomwecho ayenera kuchikhoza kuti apeze satifiketi ya MSCE.