Mitu ya zokambirana isamaphikidwe usiku alimi tili mtulo

Alimi anzanga, ambiri mwa inu mudakwerapo minibasi m'bandakucha kupita ku msonkhano waukulu kuboma kapena ku Lilongwe, kalabu yanu itakutumani kuti mukanene za mtengo wa nandolo, n'kubwerako patatha masiku awiri liwu loti nandolo musadalitchule n'kamodzi komwe. Anzanu akakufunsani kumudzi mumangoti, "Nthawi inachepa." Ine ndikukana. Nthawi siidachepe ayi. Nkhani yanu idafa pa ola lija amati tikusankha mitu ya zokambirana, ola lomwe ambiri a ife timaliyesa lodikirira tiyi.

Ndikunena zomwe ndidachita ndi manja anga. M'chaka cha 2018, ndikadali mlangizi, ndidatengedwa kukathandiza pa msonkhano wa alimi ochokera m'maboma angapo a kummwera. Holo idadzaza. Tidagawa makadi ndi zolembera, n'kuuza aliyense kuti alembe vuto limodzi lomwe likumusowetsa tulo. Alimi adalemba. Madzulo iwo atapita kukadya, ife asanu tidatsalira ndi makadiwo ndi selotepi kuti "tiwaike m'magulu". Makadi a sikelo zobera za mavenda, a misika yotsegulidwa mochedwa ndi a nandolo woola m'nyumba tidawaunjika pansi pa mutu umodzi wa Chingerezi wonena za kufikira misika. Makadi a mikangano ya minda tidawamata pa pepala lapambali, ati nkhani zodzakamba nthawi ikapezeka. Kenaka bwana wa bungwe lomwe lidalipira holo adatipempha mwaulemu kuti tiwonjezere mutu wa mauthenga a ulimi a pafoni. Palibe mlimi ngakhale mmodzi adalemba khadi lotero, koma tidaumata, pamwamba penipeni.

Kutacha tidauza alimi kuti, "Mitu yanu ija ndi iyi." Adaomba m'manja.

Chaka chimenecho nandolo adali bala lenileni. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, lidalamula kuti nandolo wolowa kumeneko asamapitirire matani 200,000 pachaka, ndipo mtengo kuno udagwa chagada. Mayi wa ku Phalombe kapena ku Mulanje yemwe adalemba khadi lake amafuna kumva kuti matumba ali m'nyumba mwake awatani. Gulu lokamba za misika lidatha maola awiri likumvetsera za ubwino wolembetsa makopaletivi. Sindidabe ndalama ya munthu tsiku limenelo, koma ndidaba mawu a mayi uja, ndipo zimandiwawabe.

Tsono mvetsani mmene chinyengochi chimayendera, chifukwa si nthawi zonse chimafuna munthu woipa mtima. Wogwira selotepi ali ndi mipeni iwiri. Woyamba ndi kuphatikiza: nkhani zakuthwa zisanu aziika m'thumba limodzi la dzina lofewa, ndipo zikalowa mmenemo sizilumanso. Wachiwiri ndi kugawa. Tiyerekeze muholo muli alimi 200, ndipo 120 akulira ndi feteleza. Wotsogolera akaigawa nkhaniyo panayi, mtengo pawokha, kufika mochedwa pakokha, mayina osowa pamndandanda pawokha, ziphuphu za padepoti pazokha, mutu uliwonse upeza mavoti 30 basi. Mutu wina wa anthu 50 upambana, ndipo pepala lidzati alimi adasankha okha. Masamu ake ndi oona, koma msonkhano wanamizidwa. Ndiye amene amasankha kuti khadi ili lilowe pati ali ndi mphamvu kuposa holo yonse yovota.

Nanga kavotedwe? Kukweza manja pamaso pa agogo chalo, abwana a kuofesi ndi alendo omwe akubwezereni ndalama yoyendera, kumeneko si kuvota koma kupereka ulemu. Tonse tidaleredwa kuti mkulu akakweza dzanja iwe suliika m'thumba. Timadontho tomata pakhoma nato tili ndi matenda ake: oyamba kudzuka amakhala abambo a kutsogolo odziwa Chingerezi, ndipo obwera m'mbuyo amangomata pomwe pachuluka kale. Onjezerani apo kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi anthu 3 mwa 10 aliwonse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi ndiwo ochuluka pa gulu limeneli. Mayi wotere mukam'patsa cholembera amachipereka kwa woyandikana naye, ndipo khadi limatuluka ndi maganizo a woyandikana nayeyo.

Chomwe chimandikwiyitsa n'choti sitikupempha zachilendo. Ndondomeko ya boma ya ulangizi ya m'chaka cha 2000 idanena poyera kuti ulangizi uziyendera zomwe alimi afuna, ndipo pofika 2006 padakhazikitsidwa dongosolo la DAESS lokhala ndi makomiti oyambira kumudzi, kudera mpaka kuboma, cholinga chake chili chonyamula zofuna za alimi kupita nazo pamwamba. Njira zosankhira mwachilungamo nazo zidalipo kalekale. Tonse alangizi tidaphunzira kukoleji za kuunjika nyemba kapena timiyala pa zithunzi zojambulidwa pansi, njira zomwe Robert Chambers wa ku Sussex ndi anzake adazifalitsa m'zaka za m'ma 1990. Ku America, Harrison Owen adayambitsa mu 1985 misonkhano yopanda ajenda yokonzeratu, pomwe aliyense amaimirira n'kulengeza yekha mutu wake, anthu n'kupita ku gulu lomwe afuna. Koma tikalowa muhotela, nyemba timazisiya kumudzi ngati ndi za anthu osaphunzira, n'kutenga makina oonetsera zithunzi pakhoma.

Ife abungwe tiyambe kuumirira izi. Khadi lililonse liwerengedwe mokweza m'chiyankhulo cha mwiniwake, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndipo wosatha kulemba anene pakamwa, womulembera amuwerengere zomwe walembazo. Kuika makadi m'magulu kuchitike masana holo ikuona. Khadi lisaphatikizidwe ndi lina mwiniwake asadavomere, ndipo dzina la mutu lichokere m'mawu a alimi: ngati adati "sikelo zobera", pakhoma palembedwe sikelo zobera. Bungwe lomwe lalipira msonkhano likakhala ndi mutu wake, liunene poyera kuti ndi wake, upikisane ndi inzake. Palibe choipa pamenepo. Choipa n'kuuveka chitenje cha mlimi.

Povota, mlimi aliyense apatsidwe njere 10 za chimanga. Mutu uliwonse ukhale ndi chitini chake chotseka, chobooledwa pamwamba, chokhala ndi chithunzi kapena chizindikiro monga chitheba cha nandolo kapena thumba la feteleza. Zitini zikhale kuseri, munthu azilowa yekha n'kugawa njere zake mmene mtima wake ukufunira, kaya zonse m'chitini chimodzi. Amayi apatsidwe nyemba, abambo chimanga, kuti pokhuthula zioneke kuti amayi adaika pati. Mudzadabwa mmene mulu wa nyemba umasiyanirana ndi wa chimanga. Alangizi, ogwira ntchito m'mabungwe ndi ogulitsa zipangizo asapatsidwe njere. Kuwerenga kuchitike pomwepo, patebulo, owerenga akhale alimi osankhidwa ndi holo. Anthu 200 ndi njere 2,000, ndipo anthu anayi akhoza kuziwerenga tiyi asadazizire.

Ndikudziwa zomwe anzanga a m'maofesi adzayankhe. Adzati zimatha nthawi. Ndaonapo msonkhano ukudikira mlendo wolemekezeka kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko, kenaka malonje ndi zolankhula mpaka nkhomaliro. Ngati maola atatu a zimenezo amapezeka, ola limodzi ndi theka losankhira mitu lisasowe.

Adzatinso, "Mukawalekerera alimi adzangosankha feteleza chaka ndi chaka." Choyamba, akasankha feteleza ndiye kuti vuto la feteleza silidathe, ndipo si udindo wa wotsogolera kutopa m'malo mwathu. Kuchokera pa sitata paki wa 1998, makuponi a 2005 mpaka AIP ya 2020, mlimi wakhala akumva ndondomeko zitalengezedwa kale pawailesi. M'lekeni ainene nkhaniyo pomwe wapatsidwa mpata. Koma pali mbali ina ya mawu awo yomwe ndikuvomereza. Unyinji nawo umapondereza. Alimi a nthochi a ku Thyolo omwe minda yawo idatha ndi chisaka, alimi a mpunga a ku Karonga, a thonje a kuchigwa cha Shire, sadzachuluka muholo kuposa alimi a chimanga. Mavoti okha akhoza kuwatsekera kunja mpaka kale. N'chifukwa chake pa mitu isanu yokambidwa, umodzi uzisiyidwira nkhani yomwe idapeza njere zochepa koma zochokera kudera limodzi kapena kwa amayi okha, ndipo eni ake apatsidwe chipinda ndi mlembi ngati ena onse. Mitu yomwe yagwa isatayidwe m'bini limodzi ndi selotepi. Ilembedwe mu lipoti, ndi chiwerengero cha njere zake, ndi dzina la komiti yomwe yapatsidwa kuti iitsate.

Tisaloze chala kunja kokha. Misonkhano yathu yomwe ya bungwe, ajenda imabwera yotayipidwa kale kuchokera ku ofesi, ndipo nkhani za makalabu zimaponyedwa pa "zina ndi zina" anthu atayamba kale kuyang'ana za minibasi. Ngati sititha kuchita izi m'nyumba mwathu, tilibe nkhope yokauzira ena.

Choncho nthumwi iliyonse yotumidwa ndi kalabu, musadanyamuke khalani pansi ndi anzanu mugwirizane nkhani ziwiri zomwe mwatumidwa, monga nkhanga zidapangana kusadache. Mukafika, wotsogolera akati makadi awaika m'magulu madzulo, imikani dzanja mufunse kuti, "Pepani bambo, kodi ife tikhala kuti pomwe mukuchita zimenezo?" Akati malo ndi ochepa, sankhani alimi anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, akhale nawo mpaka khadi lomaliza litamatidwa. Ndipo pobwerera kumudzi, pamodzi ndi risiti ya minibasi, bweretsani pepala losonyeza njere zomwe nkhani ya kalabu yanu idapeza.