Mukadakhalapo, mukadasankha tsiku liti?

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa tsiku limodzi loti mubwerere m'nthawi za m'Baibulo, mukaime pambali n'kudzionera nokha zimene zidachitika. Limodzi basi, palibe kuwonjezera. Mungasankhe liti?

Funsoli limamveka ngati la ana a Sande sukulu. Koma ine ndakhala ndikulifunsa kwa miyezi ingapo tsopano, kwathu ku Dowa, kwa achibale ku Ntchisi, ngakhale m'minibasi ya ku Mponela. Ndipo ndaona chinthu chimodzi: munthu sasankha nkhani mwachisawawa. Amaloza pamene pakumupweteka.

Achinyamata anzanga amayamba ndi zikuluzikulu: Nyanja Yofiira ikugawanika, malinga a Yeriko akugwa, Goliati ali gada pansi. N'zomveka, tidakulira mafilimu ife. Koma mukadekha pang'ono, phwete litatha, mayankho a pansi pa mtima amayamba kutuluka.

Agogo anga adasankha tsiku limene Yesu adadyetsa anthu 5,000. Nkhaniyi ikupezeka m'Mauthenga Abwino onse anayi, ngakhale kuti ndi Yohane yekha, m'mutu 6, amene amatchula za mnyamata uja adabwera ndi kamba wake wa mikate isanu ndi nsomba ziwiri. Nditawafunsa chifukwa chake, adandiyankha akupitiriza kusenda mtedza.

"Iwe mdzukulu wanga, zoti mkatewo udachuluka bwanji ine ndilibe nazo ntchito. Ndikungofuna ndione anthu akudya mpaka kusiya mkute."

Agogowa adaiona njala ya 2002, pamene anthu a m'mapiri athu ano ankadyera madeya ndi zitsa za nthochi. Mpaka lero sataya ngakhale nkhoko za mumphika. Kwa iwo chozizwitsa chenicheni ndi madengu 12 a zotsala aja.

Ku Ntchisi, chakufupi ndi Malomo, ndili ndi mlamu wanga amene wakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi opanda mphatso ya mwana. Funsoli litafika kwa iye adayamba waseka, kenako adati akadakonda kukakhala pakhomo la Nyumba ya Mulungu ku Silo tsiku limene Hana ankapemphera. Mukukumbukira m'buku la 1 Samueli mutu 1? Mayi uja milomo inkangogwedera osatuluka mawu, mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Mlamu wangayo sadanene kuti akufuna kuona Samueli akubadwa, ayi. Adati akufuna kukakhala pafupi ndi Hana asadadziwe kuti ayankhidwa. Pakhonde padangoti zii. Tonse tidadziwa kuti watiuza zimene sadazinenepo ngakhale pa nkhani za ankhoswe.

Yankho lina ndidalimva kwa mnyamata wa ku Congo amene amakhala ku Dzaleka. Kwa amene simukudziwa, malowa ali konkuno ku Dowa. Kale adali ndende ya akaidi a ndale, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mnyamatayu adasankha Mateyu mutu 2, pamene Yosefe adadzuka usiku n'kuthawira ku Ejipito ndi Mariya ndi mwana, kuthawa lupanga la Herode. Adati ulendowo akuudziwa kale, safunika kuuonanso. Chimene akufuna n'kuona nkhope ya munthu amene adawatsegulira chitseko ku Ejipitoko. Mateyu sadamutchule munthuyo. Ine ngati mwana wa ku Dowa, yankho limeneli lidandikhala pakhosi. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nanga mlendo amene wakhala pakati pathu zaka 20, amene ana ake adabadwira pano ndipo amalankhula Chichewa chonga chathu, timamuyang'ana ndi diso lanji tikakumana naye pamsika?

Mkulu wa mpingo wina wa chakufupi ndi Mvera sadachedwe n'komwe: Pentekoste. Adati akufuna kumva phokoso lija la m'Machitidwe mutu 2, pamene aliyense ankamva uthenga m'chilankhulo cha makolo ake. Munthu wa ku Mvera kusankha zimenezi sizodabwitsa. Kumeneko ndi kumene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere. Pafupi pomwepo pali phiri la Kaso, pamene William Murray ndi anzake, kuphatikizapo aphunzitsi achikuda, adagwirira ntchito yomasulira Baibulo, lomwe lidatuluka mu 1922 ndi dzina loti Buku Lopatulika. Mkuluyu adandikumbutsa kuti agogo ake adaphunzirira kuwerenga m'buku limenelo. Pamenepo ndidaona kuti nkhani zonse tikusankhazi timazidziwa chifukwa wina adakhala pansi zaka zambirimbiri kusakasaka mawu athu. Agogo anga sakadalota za madengu 12 akadakhala kuti nkhaniyo idatsalira m'Chigiriki.

Mwina mukufunsa kuti, nanga iweyo? Ine ndikadasankha m'mawa wina wopanda khamu la anthu, wa m'Yohane mutu 21. Ophunzira achezera usiku wonse panyanja osapha kanthu. Kukucha, akupeza Yesu ali pagombe, wasonkha kale moto wamakala, nsomba zili pamoto, mkate uli pambali. Pakati pawo pali Petro, amene masiku ochepa apitawo adamukana katatu. Ndipo taonani: m'mutu 18, pamene Petro ankakana, adalinso akuwotha moto wamakala. Fungo lomwelo, utsi womwewo. Ndikadakonda kuona mmene Petro adalandirira nsombayo. Kodi idatsika pakhosi? Kodi adadzutsa maso?

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Yesu sadayambe ndi mlandu. Adayamba wawadyetsa, nkhani idabwera atatha kudya. Ndi mmene makolo athu ankachitira: mlendo umayamba wamupatsa madzi ndi nsima, mafunso pambuyo. Ndasankha m'mawa umenewu chifukwa ku mtundu kwathu kuli abale awiri, a bere limodzi, amene sadyera mbale imodzi kuyambira pamene adakangana za malire a dimba. Pa maliro amakhala motalikirana, pa ukwati wina akabwera wina sabwera. Aliyense akudikira kuti mnzake ayambe wapepesa. Palibe amene waganiza zoyamba wasonkha moto.

Mwaona tsono? Nanenso ndaloza pamene pakundipweteka.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti sabata ino mulifunse funsoli kunyumba kwanu. Musadikire tsiku la mphakati kapena la Chigwirizano. Madzulo mukatha kudya, mafoni aikidwe pansi, aliyense ayankhe, kuyambira wamng'ono mpaka agogo. Malamulo ake ndi awiri okha. Loyamba, musakonze yankho la munthu. Mwana akasokoneza Eliya ndi Elisa, musiyeni amalize, mudzamukonza mawa. Lachiwiri, funsani kuti "chifukwa chiyani?" kenako tsekani pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana akasankha Danieli m'dzenje la mikango, mwina kusukulu kuli amene akumuzunza. Bambo akasankha Yobu atakhala paphulusa, mwina ngongole ya feteleza yawafika pakhosi ndipo akusowa poyambira kunena. Mtsikana akasankha mwana wolowerera akubwerera kwawo, mwina akufuna adziwiretu ngati pakhomo panu pamabwereredwa.

Mukamva, musangoti "tikupemphererani" basi. Pempherani ndithu, koma kumbukirani kuti m'nkhani zonsezi mudali munthu wamba amene adachitapo kanthu. Mnyamata adapereka kamba wake. Eli, atazindikira kuti mayi uja sadaledzere, adasintha mawu n'kumudalitsa. Wina ku Ejipito adapereka malo ogona. Ku Galileya wa nthawi imeneyo sitingapiteko, koma malo a anthu amenewa akadali opanda munthu m'nyumba zambiri za ku Madisi, ku Kongwe ndi ku Chinthembwe.

Ndiye yambani ndinu. Mukadasankha tsiku liti?