Olemba za kiriketi, kodi ali kuti?

Abale anga a m'malire muno, sabata ino tikambeko za kiriketi, masewera omenya kampira kolimba ndi thabwa, anthu 11 mbali iliyonse. Ena muti, "Zimenezo n'za azungu, ife tili ndi mpira wamiyendo." Dikirani kaye.

Ku England kuli buku la kiriketi lotchedwa Wisden, limene lakhala likutuluka chaka ndi chaka kuyambira 1864. Mu 2013 linayamba kusindikiza nkhani ya wopambana pa mpikisano wa olemba atsopano. Nkhaniyo ndi yaifupi, mawu ngati 500 m'Chingelezi, koma dzina likalowa m'bukumo akuluakulu a nyuzipepala amaliona.

Mlembi safunika kubadwira pa chuma ayi. Neville Cardus anasiya sukulu ali ndi zaka 13, koma mu 1919 anayamba kulemba za kiriketi mu Manchester Guardian mpaka anatchuka. Ndi iyeyu amene anatsegulira khomo C.L.R. James, munthu wakuda wa ku Trinidad, kuti nayenso azilemba m'nyuzipepala yomweyo. Buku la James la 1963, Beyond a Boundary, anthu akuliwerengabe.

Mozambique inalowa m'bungwe la kiriketi la dziko lonse, ICC, mu 2003. Timu tili nayo, koma ikasewera nkhani yake sifika kumudzi kuno. Inu aphunzitsi, mwana uja amene Lolemba lililonse amafotokoza mpira wa Lamulungu anzake ali kukamwa yasa, mpatseni kope ndi cholembera, ndipo Chingelezi chake muchisamale.