Musanafunse kuti imathamanga bwanji, funsani kuti imatentha bwanji

Achinyamata akamakambirana zodzipangira kompyuta ya patebulo, mkangano umathera pa ma gigahertz ndi kuchuluka kwa ma core. Wina akuti i9, wina akuti Ryzen 9, ndipo watchula nambala yaikulu ndiye wawina. Ine ndikuti nambala yoyamba kuiyang'ana pa purosesa ndi imene ambiri amaidumpha: ma watt. Kwa mwana wa sukulu, kapena sukulu yomwe ikugula makompyuta, purosesa yapakatikati yodya magetsi ochepa ndiyo ya phindu. Umboni wake uli m'fizikisi yomwe ija ya m'kalasi.

M'kati mwa purosesa muli ma transistor mabiliyoni, timaswitchi totsegula ndi kutseka njira ya magetsi kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mukukumbukira kuti mphamvu sitha, imangosintha mtundu? Purosesa sinyamula katundu, siwala, ndiye pafupifupi magetsi onse amene yadya amasanduka kutentha. Intel Core i9-13900K ya 2022 imaloledwa kufika ma watt 253 ikapatsidwa ntchito yolemetsa. Taganizirani kutentha kwa mababu akale aja a ma watt 100, awiri ndi theka, kukutuluka pa kachidutswa ka silicon kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Pomwe AMD Ryzen 5 5600G ya 2021, ya ma core 6, inalembedwa ma watt 65, ndipo ngakhale italemedwa chotani siifika 100.

Nanga bwanji kusiyana kukukula chonchi? Kuti purosesa ithamange kwambiri, imafuna ma volt ochulukirapo, ndipo kutentha kumakwera ndi ma volt kuwirikiza kawiri, V kuchulukitsa ndi V. Tiyeni tiwerengere chitsanzo. Mwakweza liwiro ndi 20 peresenti, ndipo kuti zitheke mwakwezanso ma volt kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.2. Tengani 1.2 kuchulukitsa ndi 1.2, kuchulukitsanso ndi 1.2 ya liwiro ija: mupeza 1.73. Liwiro lakwera ndi 20 peresenti yokha, kutentha kwakwera ndi 73. Mwaona? Ma gigahertz omalizira aja ndiwo odula kwambiri.

Ngakhale makampani akuluakulu khoma limeneli linawaimitsa. Intel itatulutsa Pentium 4 mu 2000, inkalankhula zodzafika ma gigahertz 10. Inathera pa 3.8. Mu 2004 inasiya mapulani a purosesa ina yotchedwa Tejas, nkhani yake kutentha komweku, n'kuyamba kuika ma core angapo m'purosesa imodzi. Mu 2024 Intel inavomerezanso kuti mapurosesa ena a patebulo a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka chifukwa cholandira ma volt opitirira muyeso, mpaka inawonjezera zaka ziwiri pa walanti yake. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Tsopano kutentha kumeneku kumapita kuti? Kumachoka pa purosesa kudzera m'kaphala kotchedwa thermal paste, kamene kamadzaza timipata ta mpweya, chifukwa mpweya sudutsitsa bwino kutentha. Kenako kumalowa mu heatsink, chitsulo cha timapepala tambirimbiri. Ma heatsink abwino amakhala ndi timapaipi ta kopa tokhala ndi timadzi pang'ono m'kati. Timadzito timasanduka nthunzi kumbali yotentha, nthunziyo ikafika kozizira imabwereranso kukhala madzi, basi kumangozungulira. Ndi nzeru yomweyo ya thukuta pa khungu, kapena mtsuko wadothi woziziritsa madzi. Pomaliza fani imakankha mpweya kuti unyamule kutenthako.

Koma fani siipanga kuzizira. Imangogwiritsa ntchito mpweya umene uli m'chipindamo. Purosesa imene ikuyesedwa m'chipinda chozizira bwino siingachite chimodzimodzi ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe lotseka timipata ta heatsink. Purosesa ikayandikira malire ake, omwe pa zambiri za masiku ano ndi madigiri 95 kapena 100, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ndiye mwalipira ndalama za liwiro limene simukulilandira.

Nkhani ya ndalama siithera pa mtengo wa purosesa. Mapurosesa a Intel okhala ndi chilembo K kumapeto sabwera ndi choziziritsira m'bokosi. Mugule chanu chachikulu, motherboard yolimba, ndi power supply yamphamvu. Ryzen 5 5600G imabwera ndi fani yake, komanso ili ndi mbali yojambula zithunzi m'kati momwemo, moti mutha kuyamba popanda graphics card. Ndalama yotsalayo mugulire SSD ndi RAM yokwanira, zinthu zimene mudzamva kusintha kwake tsiku lililonse.

Magetsi akazima mpamene ma watt amaonekera poyera. Batire la ma volt 12 ndi ma amp-hour 100 limasunga ma watt-hour 1,200, koma mabatire wamba a asidi amafuna kuti mugwiritse pafupifupi theka lokha kuti akhalitse. Tinene kuti muli ndi 600. Kompyuta yomwe yonse pamodzi ndi sikirini ikudya ma watt 100 iyenda pafupifupi maola 6. Yodya 400 iyenda ola limodzi ndi theka. Ngati mukulemba pulojekiti ya mawa, mungasankhe iti?

Wina anena kuti, "Koma purosesa yamphamvu siidya ma watt 253 nthawi zonse." Zoona ndithu. Polemba kalata kapena kuwerenga pa intaneti, imadya pang'ono. Komanso munthu amene amakonza mavidiyo tsiku lonse kuti apeze ndalama ali ndi chifukwa chogulira yamphamvu: ntchito imatha msanga, ndipo nthawi yake ndi ndalama. Ameneyo agule, aiziziritse bwino. Koma taonani mbali inayo. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, kuphunzira Python, kuonera maphunziro ndi kusewera magemu mwa apo ndi apo, mphamvu yowonjezerayo ingokhala osagwira ntchito, chonsecho munailipira. Ndipo pa magemu ambiri, graphics card ndiyo imanyamula katundu wolemera.

Chochititsa chidwi n'chakuti opanga okhawo akudziwa zimenezi. Ryzen 9 7950X ya 2022 inalembedwa ma watt 170, koma AMD inaikamo Eco Mode yoitsitsira pa 105 kapena 65, ndipo liwiro limatsika pang'ono poyerekeza ndi magetsi opulumutsidwa. Ndi masamu athu aja, kungowatembenuza.

Choncho anzanga, mukapatsidwa mwayi wosankha, kaya kunyumba kaya ku kalabu ya makompyuta kusukulu, lembani kaye ntchito zimene kompyutayo izigwira. Kenako funsani ma watt a purosesayo ikalemedwa, ngati choziziritsira chili m'bokosi, ndi mtengo wa zida zonse pamodzi. Mukaigula, iikeni pamalo podutsa mpweya, osati pansi pafumbi, ndipo muzipukuta heatsink pakapita miyezi ingapo.